Akuti ndi loya, koma ofesi yawo sitinaionepo

Funso: Amuna anga anagundidwa ndi minibasi pa Katoto chaka chatha ali pa njinga, mwendo unathyoka pawiri. Tili m'chipatala kunabwera bambo wina wovala suti, nati ndi loya, atithandiza kupeza chipukuta misozi ku kampani ya inshuwalansi. Anatenga lipoti la apolisi ndi la chipatala, tinasaina mapepala, ndipo mpaka lero tawatumizira K180,000 pa Airtel Money, akuti ya mafayilo ndi mayendedwe. Tikafuna kuonana nawo amati tipezane pa lesitilanti ina m'tauni, ofesi akuti ili ku Lilongwe. Mwezi watha mlamu wanga anawafunsa chiphaso, iwo anapsa mtima nati ngati sitikuwakhulupirira atisiya. Ndingadziwe bwanji ngati ali loya weniweni popanda kuwakhumudwitsa? *Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu*

Yankho: Mayi, pepani ndi zomwe zinawaonekera bambo kunyumbako. Ndiyambire pa mawu anu omalizawo, akuti "popanda kuwakhumudwitsa", chifukwa nkhani yagona pamenepo. Ntchito ya uloya ndaigwira zaka zambiri, zina mwa izo konkuno ku Mzuzu, ndipo sindinaonepo loya wa mapepala olongosoka akupsa mtima chifukwa kasitomala wafunsa chiphaso. Ambirife timachita kuchipachika pakhoma m'felemu kuti aliyense wolowa achione, poti tinachikhetsera thukuta. Munthu amene wakwiya ndi funso limeneli wakuyankhani kale mbali ina. Mbali yotsalayo mukaipeza nokha, ndipo simufunika kumupempha kapena kumuuza kuti mukukafufuza.

Anthu ambiri akamati "loya" amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana, ndipo akathyali amabisala m'mipata ya zinthu zitatuzi.

Digiri ya zamalamulo ndi pepala la kusukulu basi. Kwa zaka zambiri maloya a m'dziko muno ankachokera ku Chancellor College ku Zomba, kapena kunja. Lero masukulu ophunzitsa malamulo achuluka, ndipo kuli Malawi Institute of Legal Education, komwe ophunzira kunja ndi m'masukulu ena amakasulidwa ndi kulemba mayeso asanaloledwe kugwira ntchito. Munthu atha kukhala ndi digiri yeniyeni, chithunzi cha tsiku la galajuweshoni chili pa WhatsApp, malamulo akuwalakatula ngati ndakatulo, koma asanaloledwe kuimira munthu pabwalo. Ameneyo ndi wophunzira malamulo. Sanafike pa loya woti n'kukutengerani mlandu.

Chachiwiri ndi kulandiridwa ndi bwalo. Munthu akamaliza sukulu amakapempha ku bwalo lalikulu la milandu, High Court, kuti aloledwe kugwira ntchito ya uloya, ndipo mkulu wa majaji, Chief Justice, ndiye amamulandira. Amalumbira, dzina lake n'kulembedwa m'kaundula wa maloya yemwe amasungidwa ndi Rejisitala wa bwalo lalikulu. Ngakhale apo, wolandiridwa kumene kawirikawiri amamuikira malire: ayambe wagwira pansi pa loya wamkulu, asathamangire kutsegula ofesi yakeyake mpaka bwalo litamuchotsera malirewo. Zonsezi zili m'lamulo lotchedwa Legal Education and Legal Practitioners Act, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1965.

Chachitatu ndicho anthu sachidziwa, chikhalirecho ndicho chofunika kwa inu: layisensi ya chaka. Kulandiridwa ndi bwalo kumachitika kamodzi pa moyo, koma chilolezo chogwirira ntchito chimatha chaka ndi chaka, monga inshuwalansi ya galimoto. Kuti loya apatsidwe china, amayenera kuonetsa kuti walipira za umembala ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, wasonkha ku thumba lothandiza makasitomala oberedwa ndi maloya lotchedwa Fidelity Fund, ali ndi inshuwalansi yoteteza makasitomala iye akalakwitsa ntchito, za msonkho ku MRA zili bwino, wapita ku maphunziro oonjezera, ndipo wagwirako ntchito yothandiza osauka mwaulere. Maloya timadandaula nazo chaka chilichonse, ine ndemwe, koma ndi sefa yabwino. Amene wasokoneza ndalama za anthu kapena waimitsidwa chifukwa cha mwambo amakodwa pamenepa. Tsono wina akakutulutsirani satifiketi yokongola ya zaka khumi zapitazo, muyamikireni, kenako mufunse ya chaka chino. Pa layisensi pamalembedwa dzina ndi nthawi yomwe ikugwira ntchito. Werengani madetiwo ndi maso anu.

Nanga poti mkuluyu wakana kuonetsa, mutani? Mwayi wanu ngwakuti mumakhala mumzinda momwe muli bwalo lalikulu. High Court ili ndi maofesi ake ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi kuno ku Mzuzu. Kuchokera ku Chibavi ndi ulendo wa kabaza. Pitani m'mawa tsiku la ntchito, mufunse ku ofesi yolandirira mapepala a milandu, yomwe timaitcha rejisitire. Munene mosazungulira kuti, "Ndabwera kudzafunsa ngati a Uje ali ndi layisensi ya uloya chaka chino." Makalaliki a pamenepo amaona maloya tsiku ndi tsiku, ndipo a mumzinda uno amawadziwa nkhope ndi siginecha yomwe. Wa ku Lilongwe angathe kumuyang'ana pa mndandanda. Kufunsa kumeneku sikulipiritsa. Wina akakuimitsani pakhonde kapena pageti nati mupatse ya fanta akufunsireni, mudutseni, mulowe nokha mpaka pa kauntala.

Malawi Law Society nayo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imatulutsa mndandanda wa maloya omwe ali ndi layisensi chaka chimenecho. Umatuluka m'nyuzipepala, umapezekanso pa intaneti. Mwana kapena mlamu wanu yemwe ali ndi foni ya intaneti akutsegulireni. Onetsetsani kuti ndi wa chaka chino, komanso dziwani kuti mndandandawu amauonjezera maina pamene ena akumaliza kulipira, ndiye dzina likasowa musathamangire kukuwa kuti wakuba. Imbani ku Society, kapena alembereni, akuuzeni ngati munthuyo ali m'kaundula, ngati layisensi yake ili moyo, kapena ngati anaimitsidwa.

Pano mundimvetsere bwino, chifukwa apa ndi pomwe anthu ochenjera omwe amagwa. Dzina kupezeka pa mndandanda sikutanthauza kuti munthu amene mumadya naye tchipisi pa lesitilanti uja ndi mwini dzinalo.

Momwe mwaifotokozera nkhani yanu, ine ndikuona ngati mwakumana ndi dobadoba. Mumawadziwa a ku Road Traffic ndi ku Immigration aja, okuthamangira usanatsike n'komwe minibasi. Kumakhoti aliponso, koma awa amavala suti, ndipo malo awo osakira si pageti pokha. Amazungulira m'mawodi a ovulala, amamva za ngozi mwina achibale asanamve. Ena ndi akuba chabe, alibe loya aliyense kumbuyo. Ena amagwiradi ntchito ndi ofesi ina ya maloya: amatolera milandu ya ngozi, kukaipereka, n'kulandira yawo. Kusaka makasitomala mwa njira imeneyi n'koletsedwa pa ntchito yathu, koma kunama sindinama, kumachitika. Dobadoba wotere amayenda ndi mapepala a mutu weniweni wa kampani ya maloya, chidindo chenicheni, dzina lenileni. Mukafufuza dzinalo mupeza lilipo bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu.

Ndikukumbukira madala ena ochokera cha ku Nkhata Bay omwe anafika muofesi mwanga ndi envelopu ya khaki yofewa ngati nsalu chifukwa choipindapinda. Anaitulutsa m'jumbo ya shuga, momwe ankaisunga kuopa mvula yathu ino. Mwana wawo anavulala pa ngozi ya lole, ndipo kwa zaka ziwiri ankatumiza ndalama ya "mayendedwe" kwa munthu yemwe ankamutcha loya wawo. Nditayang'ana mapepalawo ndinaona kuti kampani ya maloya yolembedwa pamwamba ndi yeniyeni. Ndinaimba. Kumeneko anayankha kuti mlanduwo unatha kalekale, inshuwalansi inalipira, ndipo ndalama anapatsira "m'bale wa wovulalayo" yemwe anabwera ndi kalata yosainidwa. Kalatayo inali imodzi mwa mapepala omwe madalawo anadindapo chala tsiku loyamba, ali pambali pa bedi la mwana wawo, osawerengeredwa. Anakhala chete nthawi yaitali, chipewa chili pa bondo, kenako anangofunsa kuti, "Ndiye amene ndimamuimbira uja ndani?"

N'chifukwa chake ndikuti mufufuze zinthu ziwiri, dzina ndi nkhope. Mukapeza dzina la kampani ya maloya pa mapepala omwe muli nawo, pezani nambala ya foni ya ofesiyo mwa njira yanu, kaya kudzera ku Law Society kaya ku rejisitire. Musaimbe nambala yomwe mkuluyu anakupatsani, mungayankhidwe ndi mnzake. Mukaimba mufunse ngati ali ndi fayilo ya dzina la amuna anu, loya amene akuyendetsa fayiloyo ndani, ndipo bambo wakutiwakuti ndi ndani kwa iwo. Mupemphe kulankhula ndi loyayo mwini wake. Loya wa ku Lilongwe kutenga mlandu wa ku Mzuzu si cholakwika, layisensi imagwira dziko lonse. Koma ofesi imakhala ndi khomo, chikwangwani, mlembi ndi mashelefu a mafayilo. Chaka chathunthu osakuitanani ngakhale kamodzi, osakulemberani ngakhale kalata imodzi, pamenepo pali chinthu.

Funso lina lomwe limavula dobadoba msanga ndi ili: nambala ya mlandu ndi chiyani? Mlandu uliwonse wolowa m'khoti umapatsidwa nambala ndi chaka, ndipo pepala loyamba limadindidwa chidindo cha bwalo. Ngati akuti anakasuma, akuuzeni bwalo lake ndi nambalayo, inu mukafunse ku rejisitire ngati fayilo ilipo ndi pomwe yafika. Ngati akuti sanasume, akukambirana kaye ndi a inshuwalansi, zimenezo zimachitika ndithu, koma akuonetseni kalata yomwe analembera kampaniyo ndi yankho lake. Dzina la kampani ya inshuwalansi ya minibasiyo kawirikawiri limakhala pa lipoti la apolisi. Palibe chokuletsani kupita kapena kuimba komweko n'kufunsa ngati pali pempho la chipukuta misozi m'dzina la amuna anu, analipereka ndani, ndipo ngati ndalama inatuluka kale. Funso lomalizali mulifunse ngakhale mtima ukugunda.

Za K180,000 ija. Loya amalipiritsa, ndipo ntchito yathu si yotchipa, ndisakunamizeni. Koma ndalama ya kasitomala ili ndi malamulo ake. Kampani ya maloya imayenera kukhala ndi akaunti yapadera ku banki yosungira ndalama za makasitomala, yosiyana ndi ya ofesi, ndipo mabuku ake amaunikidwa. Mukalipira mumalandira lisiti ya dzina la kampaniyo, yonena kuti mwalipirira chiyani. Zolipira kukhoti nazo zimakhala ndi lisiti ya boma. Ndalama yopita pa nambala ya foni ya munthu, lero 20,000 ya mafuta, mawa 15,000 ya "kukankhira fayilo", popanda kapepala kalikonse, si malipiro a loya amenewo. Ndipo mawu akuti "kukankhira fayilo" kapena "kuona a bwana" mukawamva, dziwani kuti akukuuzani za ziphuphu, zomwe zingakuikeni inu nomwe m'mavuto, kapena akungodya okha. Mameseji a Airtel Money aja musafufute ngakhale imodzi. Ajambuleni, muwasungenso pa foni ina. Pa meseji iliyonse pamaoneka dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa, ndipo mwina mudabwa kuona kuti si dzina lomwe anakuuzani.

Mwina mukuti, bola ndalama ibwere, kaya ali ndi layisensi kaya alibe, ine zindikhudza bwanji? Zikukhudzani pa tsiku loipa. Loya wa layisensi akakulakwirani muli ndi kopita. Mumalemba dandaulo ku Malawi Law Society, komiti yoona za mwambo imamuitana, ndipo nkhani ikakula atha kuimitsidwa kapena kufufutidwa m'kaundula ndi bwalo. Fidelity Fund ija anaikhazikitsira anthu omwe ataya ndalama chifukwa cha kusakhulupirika kwa loya. Sindikuti zimayenda mwachangu, anthu amadandaula kuti madandaulo amachedwa, ndipo ena mwa madandaulo amenewo ndi oona. Komabe khomo lilipo, ndipo loya ali ndi chinthu choti ataye. Munthu yemwe si loya alibe layisensi yoti alandidwe. Iye ndi nkhani ya apolisi basi: kudzitcha loya usali loya ndi mlandu, kutenga ndalama mwachinyengo ndi mlandu winanso. Atha kumangidwa, koma ndalama yodyedwa kale kubwerera n'kwa apo ndi apo. Komanso munthu wopanda layisensi saloledwa kuimirira pabwalo kulankhulira wina. Maloya a kampani ya inshuwalansi akangozindikira, adzayamba ndi pamenepo, nkhani ya mwendo wa bambo isanakambidwe n'komwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa kalata yanu si ndalama yapitayo, koma nthawi. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pabwalo la amfumu n'zoona. Kukhoti mlandu wa mtundu uwu umaola. Lamulo limapereka zaka zitatu zokha kuti munthu wovulala chifukwa cha kusasamala kwa wina akasume, ndipo nthawi yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi yocheperapo. Inu chaka chadutsa kale. Ngati mkuluyu wangokhalira mapepala anu m'chikwama, mwezi uliwonse womwe mukumunyengerera kuti asakhumudwe ukudya ufulu wa amuna anu. Ndaonapo anthu akubwera ndi mlandu wabwino, umboni wonse uli m'manja, koma mochedwa ndi miyezi iwiri.

Mawu akuti "ndikusiyani" asakuopseni. Mlandu ndi wa amuna anu, si wa loya. Kasitomala ali ndi ufulu wosintha loya, ndipo watsopanoyo amalembera wakaleyo kuitanitsa fayilo. Lipoti la apolisi ndi la chipatala akakana kubweza, si mapeto a dziko: ku polisi ya zapamsewu komwe ngoziyo inalembedwa ndi kuchipatala komwe bambo anagonekedwa kuli zolembedwa zawo, mutha kukapempha ena, ngakhale pangafunike kulipira ndi kuyenda kangapo. Kuyambira lero, pepala lililonse lomwe mukupereka kwa munthu, yambani mwalichita fotokope. Ndipo chilichonse chomwe akuti musaine, makamaka cholembedwa m'Chingerezi, wina wa kwanu akuwerengereni kaye, mutengeko kope yanu.

Ngati m'thumba mwauma, monga ndikuganizira poti bambo akhala osagwira ntchito, pitani ku Legal Aid Bureau. Ndi bungwe la boma lothandiza anthu omwe sangathe kulipira loya, ndipo lili ndi ofesi konkuno ku Mzuzu. Amafunsa za mapezedwe anu, nthawi zina amakuuzani kuti muthandizeko pang'ono, koma mumalipira muofesi ndi kulandira lisiti. Anthu amakhala ambiri, maloya ochepa, ndiye mupite ndi mtima wodikira. Kumeneko, ngakhalenso kupolisi ndi kundende, mukakumana ndi ma paralegal. Awa ndi anthu ophunzitsidwa zamalamulo omwe amalangiza, kuthandiza kulemba ndi kulondolera anthu njira, ndipo ntchito yawo ndimailemekeza kwambiri: akaidi ambiri omwe anaiwalika pa rimandi anatuluka chifukwa cha iwo. Koma paralegal wolongosoka amanena yekha kuti iye si loya, ndipo amakuuzani bungwe lomwe akugwirira ntchito. Kalaliki wa loya nayenso si loya, ngakhale atakhala zaka makumi awiri akunyamula mafayilo ndipo njira za kukhoti akuzidziwa kuposa loya wachinyamata. Atha kukulandirani, kukupatsani uthenga, kukaperekera mapepala ku rejisitire. Kukuuzani kuti "ndine loya wanu" sangatero.

Zovala musazitengere. Suti ya pa kaunjika ikachapidwa ndi kusitidwa bwino imaposa yanga, ndipo mkanjo wakuda telala aliyense wa mumsika atha kusoka. Chizungu chambiri nachonso si umboni. Zilembo za SC zomwe mumaziona kumapeto kwa maina a maloya ena ndi ulemu wa Senior Counsel, womwe amapereka ndi mtsogoleri wa dziko kwa maloya ochepa okhwima pa ntchito. Amenewo ndi odziwika, sangakupezeni pa bedi la m'chipatala. Ndimati ndikamayenda mu Orton Chirwa Avenue ndimakumbuka kuti msewuwu unatchulidwa dzina la loya woyamba wachikuda wa dziko lino, mwana wa ku Nkhata Bay, yemwe anakhala nduna ya zachilungamo n'kudzafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mayi Vera Chirwa, akazi awo, ndiwo anali loya woyamba wamkazi. Ntchito yomwe anthu otere anaitsegulira njira imandiwawa ndikaiona ikugulitsidwa pa tebulo la lesitilanti, ndipo ena ogulitsawo ndi anzathu a mikanjo yeniyeni omwe amatuma madobadoba.

Tsono musachite naye mkangano mkuluyu, ndipo musamuuze kuti mwayamba kufufuza, angazimitse foni n'kusowa ndi mapepala. Ndalama ina musatumize. Akaimba muziti mukusakasaka. Sabata ino sonkhanitsani zonse zomwe muli nazo: dzina lomwe anakuuzani, nambala zake za foni, mameseji a ndalama, ndi kapepala kalikonse komwe anakusiyirani, ngakhale kakhadi. Mutenge mlamu wanu uja, poti waonetsa kale kuti saopa kufunsa. Muyambire ku rejisitire ya High Court, mukatero ku Legal Aid Bureau tsiku lomwelo. Mukapeza kuti dzinalo mulibe m'kaundula, kapena lilimo koma nkhope ndi ina, pitani kupolisi ndi mameseji aja, ndipo mudziwitsenso a Law Society, chifukwa ngati pali ofesi ya maloya yomwe ikumutuma, iwo ndiwo angaifunse. Mukapeza kuti ndi loyadi ndipo layisensi ili bwino, mulembereni kalata yaifupi yopempha malisiti a K180,000 yonse, nambala ya mlandu, ndi pangano lolemba la ndalama yomwe adzadule chipukuta misozi chikatuluka. Mumupatse masiku 14, kope ya kalatayo musunge.

Lipoti la chipatala lija likapezeka, bambo akaonedwenso ndi dokotala, alembe momwe mwendowo wapolera ndi ngati angathenso kupalasa njinga. Lipoti lolembedwa ali chigonere silinena zimenezo, ndipo kukula kwa chipukuta misozi kumadalira kwambiri pepala limenelo.